Madiresi a Ulendo wa ku Katete

Amuna a kumpingo anayamba kuzula zikhomo za tenti Mainza asanamalize kuchapa. Anali atagwada pampopi wa kuseri kwa nyumba, manja ali m'beseni, akufikisa zitenje za apongozi ake, ba Mervis, amene anaikidwa m'manda dzana lake. Anamva chitsulo chikugwa pabwalo, wina naseka, wina namuletsa. Kenako chinsalu chonse chija chinagwa pansi, fumbi linakwera, ndipo dzuwa la Okutobala linalowa pabwalo popanda chotchinga.

Anthu anali kutha. Tsiku loika maliro, nyumba ija ya ku Dambwa North, m'tauni ya Livingstone, inadzaza mpaka kumsewu. Amayi a Chigwirizano ankagona pansi m'chipinda chochezera, mwendo pamwendo, moti munthu sukanapita kukamwa madzi osaponda wina. Tsopano matiresi obwereka anali atabwerera kwa eni ake. Mabenchi anali atakwezedwa pagalimoto. Aliyense akabwera kudzatsazika, Mainza ankagwada n'kuthokoza monga mtengwa ayenera kuchitira, koma mumtima ankamva ngati munthuyo akuchoka atasenza chitseko cha nyumba.

Otsala anali awiri okha: ba Winnie, mkulu wawo wa malemu, amene anabwera kuchokera ku Katete, ndi Natasha, mlongo wake wa Dennis, wokhala ku Lusaka. Onse ankanyamuka m'mawa mwake. Akatero, m'nyumbamo mukanatsala iye ndi mwamuna wake Dennis basi.

"Mainza."

Anali ba Mukatimui a nyumba yoyandikana, atayedzamira mpanda wa waya, chidebe chopanda kanthu chili m'manja kuti aoneke ngati abwera kudzapempha madzi.

"Bayenda liti ba ku Katete?"

"Mailo m'mawa."

"Na Natasha?"

"Bonse."

Ba Mukatimui anayang'ana zenera la chipinda cha malemu. Kuseri kwa galasi kunkaoneka makina osokera ataphimbidwa ndi bulangete.

"Manje ni ndani azamuitana?" anafunsa motsitsa mawu.

Mainza anafinya chitenje. Sankadziwa kuti nkhaniyi inkadumpha mpanda.

Zinkayenda chonchi. Dennis akaweruka ku takisi yake nkhope itada, ankatseka chitseko cha kuchipinda n'kuyamba ndi mafunso. Unali kuti, unalankhula ndi ndani, foni yako inaliriranji. Mafunso akatha pankabwera manja, nthawi zina lamba. Kuseri kwa khoma ba Mervis ankapalasa makina awo, tcheketcheke, tcheketcheke, osaleka, ngati sakumva kanthu. Kenako makina ankaima. Mawu awo ankabwera ouma, osakwera:

"Dennis. Bwera undilowetsere ulusi. Maso anga sakuona."

Ndipo Dennis ankapita. Ankagwada pamakina paja, chifuwa chikukwera ndi kutsika, n'kumalimbana ndi kabowo ka singano. Ulusi unkaphonya, n'kuphonyanso. Pomwe unkalowa, mkwiyo unali utaphwa. Amayi ake sankamuyang'ana n'komwe. Ankangoti, "Chabwino," makina n'kuyambiranso.

Zaka zonsezo ba Mervis sananenepo mawu oposa amenewo. Sanamudzudzule mwana wawo, sanamupepese mtengwa wawo. Kukacha ankangomuuza Mainza kuti tiyi wachepa shuga, kapena kuti pakhonde sanasese bwino. Mainza sankawathokoza chifukwa cha kuitana kuja. Chimene ankakumbukira iye ndi nthawi imene makina ankalira asanaime. Tsiku lina anachedwa kuima, ndipo Mainza anapita padera.

Tsopano anali ndi mimba ina. Inali isanaoneke, ndipo sanauze munthu, ngakhale amayi ake omubereka a ku Choma. Chitenje ankamanga mokweza, mseru ukamugwira ankazembera kuseri kwa chimbudzi.

"Uli na kwanu, mwana iwe," ba Mukatimui anatero.

"Foni yanga ba Dennis bali nayo. Chitupa changa bali nacho. Pa siteshoni ba takisi bonse ni banzawo. Nisanakwere basi, badziwa kale."

Ba Mukatimui anatsegula pakamwa, koma anaona china chake kumbuyo kwa Mainza. Anakweza chidebe chija, nanena mofuula, "Madzi kwathu yavuta lelo," n'kuchoka asanatunge ngakhale dontho.

Dennis anaima pambali pa beseni. Anali adakavala malaya akuda. Pamaliro onse anthu anamuyamikira. Anathamangira bokosi, anathamangira nkhuni, sanamwe ngakhale botolo limodzi, ndipo kumanda analira mpaka amuna awiri anachita kumugwira. Ananjuta pafupi ndi mkazi wake ngati wofuna kumuthandiza kufinya, naika dzanja kumbuyo kwa khosi lake. Dzanjalo linali lofunda, lolemera.

"Sunalire," anatero.

"Ninalira, ba Dennis."

"Ku manda. Ninali kukuona. Amai banga balowa pansi, iwe uyang'ana helikoputa ya bazungu kumwamba. Bantu bonse banaona."

Chala chake chachikulu chinkasisita pansi pa khutu la Mainza, pang'onopang'ono.

"Osadandaula. Lelo kuli balendo. Tizakamba bwino mailo, bakayenda."

Anaimirira, napukuta dzanja pathalauza, napita kukathandiza kupinda tenti.

* * *

Dzuwa litapendeka, ba Winnie anaitana akazi kuchipinda cha malemu kuti agawe zovala. Amuna sankaloledwa. Ba Winnie anakhala pabedi atatambasula miyendo, mayi wamkulu thupi ngati mng'ono wawo, wa mawu osadziwa kunong'ona. Natasha anakhala pansi pafupi ndi kabati. Mainza anagwada pakhomo. Iye sanali m'gulu la olandira. Ntchito yake inali kupereka zimene wachapa ndi kupinda zimene zagawidwa.

Zinayenda msanga. Ba Winnie ankanyamula chovala, n'kuchiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kutchula mwini wake watsopano: ichi cha azakhali a ku Sinda, ichi cha mwana wa Bornwell, ichi n'changa, musandiyang'ane. Chilichonse chinali chosoka malemu okha. Ba Mervis sanavalepo chovala cha m'sitolo, ndipo za salaula, zakale zogula pamsika zija, ankadana nazo. Ankati safuna kuvala thukuta la munthu amene samudziwa.

"Nanga sutikesi ija?" Natasha anafunsa. "Ya pa ulendo."

Nkhani ya ulendowo aliyense ankaidziwa. Kuyambira nthawi yozizira ba Mervis anasiya kulandira ntchito za anthu, ngakhale mayunifolomu a sukulu amene ankawadyetsa, n'kunena kuti akusoka zovala zawo zopitira ku Katete, kumene anali asanapondeko zaka zambiri. Ankasoka atatseka chitseko. Tsiku limene anagwa pamsika wa Maramba, magazi atawathamanga, anali atapita kukagula zipi yomaliza. Anthu anaipeza idakali m'manja mwawo.

Natasha anaikoka pansi pa bedi. Inali sutikesi yakale yabulawuni, chogwirira chake chitasokedwanso ndi ulusi wa nsapato. Ba Winnie anaitsegula.

M'katimo munali mwadongosolo kwambiri. Zovala sizinapindidwe, zinakulungidwa ngati timikeka kuti zisachite makwinya, n'kuzindandalika mothithikana. Mitundu yake inali yogwirizana, yobiriwira ndi yofiirira, kuti siketi iliyonse ithe kuvalidwa ndi bulauzi iliyonse. Nsalu zake zinali zopepuka, zoti ukachapa madzulo m'mawa zauma. M'mbali munali juzi yopyapyala, mipango, zovala za m'kati ndi kathumba ka sopo. Panalibe mpata wotsala, panalibenso chinthu chosafunika.

"Mervis," ba Winnie anapukusa mutu. "Kumwambako akalongedza yekha, angelo akuonerera."

Anatenga mkulungo umodzi naukutumula. Diresi lobiriwira linatambasuka. Analiyang'ana, naliyandikiza kumaso, naliika pachifuwa pawo. Kenako anaseka, kuseka koyamba m'chipindamo chichitikireni maliro.

"Ili Mervis akanalowamo bwanji? Mwendo umodzi?"

Anakutumula lina. Chimodzimodzi. Masiketi, mabulauzi, zonse zinali za munthu wamtali, wochepa thupi.

"Kapena banasokera ine," Natasha anatero. Analiyesa. Linamuthina m'mapewa, ndipo m'munsi linkakhwekhwereza pansi. Natasha anali wamfupi ngati amayi ake.

"Vula usanang'ambe," ba Winnie anatero.

Natasha atavula, ba Winnie anaika diresilo pamiyendo pawo. Maso awo anayenda m'chipindamo, pamakina ophimbidwa aja, pakabati, mpaka anakafika pakhomo.

"Apongozi, taimirirani."

Mainza anaimirira.

"Tavalani ili."

"Amai, ine siniyenera."

"Sindinati ndakupatsani. Ndati valani."

Mainza anatembenukira kukhoma navula bulauzi yake mofulumira, mimba ataibisa kukhomako. Koma msana sakanaubisa. Anamva chipinda chikuzizira kumbuyo kwake. Mizere ya lamba inalipo, ina yakale yoderako, ina ya sabata imene apongozi ake anagwa, idakali yofiira.

"Izi n'chiyani?" ba Winnie anafunsa.

"Ninagwa, amai."

"Kuno ku Livingstone mumagwa mwaluso. Chagada, m'mizeremizere."

Natasha ankayang'ana zala za kumapazi kwake.

Diresi linatsika pathupi la Mainza ngati madzi. Mapewa anakhala pamalo pake, manja anathera pomwe ayenera kuthera, m'munsi munafika pansi pa mawondo. Matumba ake anali akuya, oti dzanja lonse n'kubisala. Ba Mervis anali asanamuyezepo ndi tepi, anali asanamusokerepo ngakhale kampango. Mainza anaima manja ali m'matumbamo, osadziwa choti achite ndi nkhope yake.

"Vula."

Dennis anali pakhomo. Palibe anamumva akubwera. Sankayang'ana mkazi wake. Ankayang'ana sutikesi yotsegula ija, mikulungo yondandalikana, sopo, juzi. Iye ankanyamula anthu apaulendo tsiku ndi tsiku, ndipo katundu wa munthu amene sakuganiza zobwerera ankamudziwa.

"Muno ndi mwa akazi," ba Winnie anatero.

"Ni nyumba yanga, amai bakulu. Mainza, nakamba kuti vula. Izo ni za amai. Zizayenda ku tchalitchi, bapatse bosauka. Kapena nizaziwotcha."

Mainza anagwira zipi ya m'mbali. Manja ake anayamba okha, monga ankachitira nthawi zonse mawu amenewo akamveka.

"Isiyeni zipiyo, apongozi." Ba Winnie sanakweze mawu. Anatseka sutikesi pang'onopang'ono, naikapo manja onse awiri. "Wotcha, mwana wanga. Machesi ali kukhitchini. Koma ine uyambe wanditulutsa, ndikagone kusiteshoni. Sindigona m'nyumba imene mwawotchedwa katundu wa munthu wapaulendo."

"Ulendo wa chani? Amai banafa."

"Anafa atalongedza. Sukudziwa tanthauzo lake?" Anamuyang'ana ngati mwana amene sadziwa dzina la agogo ake. "Munthu akafa katundu ali m'sutikesi, mtima wake umakhala uli kale panjira. Thupi mwaika m'manda, inde. Koma mwini wake sagona mpaka katundu wake akafike kumene ankapita. Amakhala pomwe pali sutikesi, kudikira. Ndipo sanyamula aliyense. Amanyamula amene zovalazo zamukwana, atavala, mpaka akatule pakhomo la kwawo."

"Uyo mwambo sininaumvepo."

"Ukanaumvera kuti? M'takisi pamsewu wa Mosi-oa-Tunya? Ku Katete unapitako uli kumsana, unabwerako usanamere mano. Maliro a kwathu waikapo angati iwe?"

Maso a Dennis anapita pamakina aja. Mainza ankadziwa amene anawaphimba ndi bulangete. Anali Dennis yemweyo, tsiku limene anabwera kuchokera kumochale, ndipo kuyambira pamenepo ankadutsa pakhomo la chipindachi cham'mbali, osasuzumiramo.

"Muletse Mainza ngati ukufuna," ba Winnie anapitiriza. "Ife tikwera basi. Iwe utsala muno ndi amako. Makina akayamba kulira okha, usandiimbire foni."

"Natasha," Dennis anatero, osamuyang'ana. "Iwe unamvapo izi?"

Natasha anakanda simenti ndi chikhadabo. Helikoputa ya alendo inadutsa pamwamba pa malata kulowera ku mathithi, ndipo onse anadikira kuti phokoso lithe.

"Ninamvapo," anatero. "Amai banakambapo."

Dennis anatembenukira kwa ba Winnie.

"Azabwera liti?"

"Akatula katundu."

"Foni na chitupa zizatsala na ine."

"Zitsale. Malemu safuna foni." Ba Winnie anatsegulanso sutikesi, nayamba kukulunga siketi monga anaipezera. "Chinanso, wonyamula katundu wa malemu sagona ndi mwamuna. Lero agona muno, pafupi ndi ine."

* * *

M'mawa Dennis anaumirira kuwaperekeza yekha. Natasha anakhala kutsogolo. Kumbuyo kunali ba Winnie ndi Mainza, atavala diresi lobiriwira lija, sutikesi ili pamiyendo pake, chifukwa ba Winnie anakana kuti iikidwe kubuti ngati thumba la makala. Ba Mukatimui ankasesa panja pa geti yawo, pamalo amene anali atasesa kale. Sanakweze dzanja.

Anatuluka mu Dambwa nalowa mumsewu waukulu. Masitolo anali akutsegulidwa, alonda akuvula majekete awo a usiku. Dennis ankayendetsa mosathamanga, wailesi atazimitsa. Pagalasi la kutsogolo Mainza ankaona maso ake okha.

Pokhotera kusiteshoni sanakhote.

"Wapitirira," ba Winnie anatero.

"Nifuna mafuta."

Anadutsa pothira mafuta poyamba. Anadutsanso pena. Nyumba zinayamba kutalikirana, kenako kunali tchire louma mbali zonse ndi ndowe za njovu pamsewu. Anapatukira pakanjira kafumbi, naimitsa galimoto, nazimitsa injini.

Kunali zii, kupatula nyenje.

"Mainza, tsika. Nifuna tikambe tili babili."

"Dennis, basi izatisiya," Natasha anatero.

"Iwe khala chete."

Anatuluka, nazungulira galimoto, natsegula chitseko cha mbali ya Mainza. Mphepo yotentha inalowa. Mainza anakumbatira sutikesi, ngodya yake ikumukanikiza pansi pa nthiti, ndipo m'mutu mwake munali ganizo limodzi lokha: akandikoka ndigwe cham'mbali, osati chafufumimba.

Ba Winnie sanalankhule ndi Dennis. Anawerama, naika pakamwa pafupi ndi chivindikiro cha sutikesi, n'kuyamba kulankhula ngati munthu wocheza ndi mnzake amene wakhala naye pampando umodzi.

"Mervis. Ndine Winnie. Taima, m'bale wanga. Usadabwe, si ku Katete kuno, ndi patchire. Watiimitsa ndi mwana wako Dennis, yemwe uja unamulera wekha ndi makina. Akuti utsike. Akuti ulendo wako uthere pompano." Anaima kaye ngati akumvetsera. "Ine sindikudziwa. Mufunse wekha, ali pomwepa."

Dzanja la Dennis linali litafika kale pamkono wa Mainza. Thukuta linatsika pachibwano cha Dennis n'kudonthera pasutikesi. Dennis analiona dontholo, nachotsa dzanja msanga ngati wagwira mbaula.

"Amai bakulu, lekani izo."

"Ndileke chiyani? Ndikucheza ndi mng'ono wanga."

Dennis anamenyetsa chitseko. Pobwerera anathamangitsa galimoto kwambiri moti Natasha anagwira lamba wa mpando ndi manja awiri.

Pasiteshoni oitanira basi anathamangira sutikesi, koma ataona kuti ndi Dennis anabwerera m'mbuyo, namupatsa moni wa maliro. Ba Winnie ndi Natasha anakwera. Mainza ataponda sitepe yoyamba, Dennis anamugwira chigongono, mofatsa, moti woona akanati ndi mwamuna amene akutsazikana ndi mkazi wake.

"Ku Katete njira niidziwa," ananong'ona. "Na ku Choma niidziwa."

Anamusiya. Basi ikutembenuka, Mainza anamuona pazenera ataima pomwepo, foni ya mkazi wake ili m'manja, akuitembenuzatembenuza.

* * *

Basi inadutsa pachotchinga cha apolisi kunja kwa tauni. Natasha anali atapeza mpando kutsogolo, mutu atautsamiritsa pagalasi. Ba Winnie anamasula mpango napukuta khosi.

"Utsika pa Choma, mwanawe," anatero. Sanatinso apongozi. "Kwanu kuli amuna?"

"Kuli balongo banga. Na bamalume."

"Ukawauze zonse. Ukawaonetse msana. Usakachite manyazi, manyaziwo ndi ake. Adzabwera ameneyo, wamva? Adzabwera ndithu. Akakupeze uli pakati pa anthu."

"Nanga katundu? Safunika kufika ku Katete?"

Ba Winnie anamuyang'ana cham'mbali.

"Uja mwambo, amai," Mainza anafunsa, "uliko zoona?"

"Uliko. Unayamba dzulo."

Mainza sanaseke.

"Dennis ndi mwana wa mng'ono wanga," ba Winnie anatero, akuyang'ana kutsogolo. "Ndinamusambitsapo ali khanda. Sindimuda. Koma kubweranso ku Livingstone kudzalira maliro ena m'nyumba yomweyo, mphamvu zimenezo ndilibe."

Basi inkathamanga pakati pa tchire lotenthedwa. M'mphepete mwa msewu munali matumba a makala ataimikidwa, eni ake osaoneka.

"Malemu bakanakamba chabe," Mainza anatero. Mawu anatuluka ouma kuposa mmene ankafunira. "Zaka zonse izi. Liwu limodzi chabe. Banali kumva zonse, makina yalira, beve bali zii."

"Pa mwana wake anali wamantha. Pamenepo sindimuikira kumbuyo." Ba Winnie anapinda mpango nauika pamiyendo. "Mervis chibadwire pakamwa pake panali posungira mapini."

Anatseka maso, ndipo posakhalitsa anayamba kuwodzera.

Atadutsa Zimba kutentha kunakula. Chikhalireni pampando, diresi lija linkamugwira Mainza m'chiuno, pamalo pomwe masiku amenewa sankafuna kuti pagwidwe. Anapisa dzanja m'thumba kuti akoke nsalu, ndipo zala zake zinakhudza chinthu chokhuthala m'kati mwa msoko. Anayang'ana ba Winnie. Anali m'tulo, pakamwa pali yasa. Mainza anatsitsa zipi ya m'mbali pang'ono, natembenuza nsalu kuti aone.

Msoko wa m'chiunomo sunali wa makina. Unali wa pamanja, wa ulusi wofiira, wosokedwa motalikitsa ngati wongogwirizira. Kuseri kwake kunali nsalu yopindidwa, yokwana zala ziwiri. Kuseri kwa pindolo kunali mzere wina wofiira ndi pindo lina, kenako linanso, lalikulu kuposa onse. Mapindo onsewo anali kutsogolo kokha, pamimba. Mzere uliwonse unathera ndi kansonga ka ulusi kosiyidwa dala, kotalika moti munthu n'kukagwira ndi zala popanda kufuna sizasi.

Mainza anakhala akuyang'ana mpaka basi inadutsa mlatho. Iye sanauze munthu. Palibenso munthu anamufunsa.

Anagwira kansonga koyamba nakoka. Ulusi unatuluka wonse mosavuta, diresi linamasuka, ndipo anapuma mpweya wofika pansi. Ulusiwo anaukulunga pachala. Mizere inayo anaisiya, nthawi yake inali isanakwane.